Chipsera Chabodza pa Msana wa Lupanga

Ndinanamiza munthu wokalamba amene ankadalira maso anga, ndipo bodzalo linawononga gawo la ntchito imene anaigwira kwa zaka makumi anayi. Sindikulemba kuti mundimvere chisoni. Inu owerenga, ndikufuna muone mmene munthu wodzitama kuti sanama amafikira pa bodza. Ine ndinafikapo pang'onopang'ono, ndipo njira yonseyo ndinkadziona ngati munthu waulemu.

Kwathu ndinali mtolankhani kwa zaka khumi ndi chimodzi, zambiri mwa izo ndikulemba za m'makhoti ku Blantyre. Dzina la munthu ndinkafunsa kawiri, nambala ndinkaiwerenga katatu. Ndinabwera ku Glasgow kudzaphunzira. Nditamaliza ndinapeza ntchito ya mu ofesi, banja linanditsatira, ndipo tinakhazikika ku Shawlands, m'nyumba zamiyala zosanjikizana zija, ife pamwamba penipeni.

Pansi pathu pamakhala mkulu wina wa konkuno, akazi ake anamwalira kalekale. Pa unyamata wawo ankagwira ntchito yoyeza zitsulo kumene ankakhoma sitima zapamadzi m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Ndiwatchula kuti a Fergus, ngakhale si dzina lawo. Tsiku lina anandiimitsa ali ndi kalata m'manja, n'kundipempha kuti ndiwawerengere timalemba ta m'munsi. Maso awo anali atayamba kuchita mdima pakati, ankangoona za m'mbali. Ndinalowa m'nyumba mwawo kuti ndiwerenge kalata ya mphindi ziwiri. Ndinatulukamo patatha maola atatu.

A Fergus amasonkhanitsa malupanga akale a ku Japan. Awoawo anali asanu ndi anayi okha, okhomeredwa mu kabati yachitsulo. Anthu ambiri okonda malupanga amenewa amafuna osalala, opanda banga. Iwo ankafuna zipsera. Ndilongosole pang'ono kuti timvane. Lupanga la ku Japan ndi lakuthwa mbali imodzi. Mbali imeneyo ndi yolimba kwambiri, koma msana wake ndi wofewerapo. Msilikali akatchinga lupanga la mdani ndi msana wa lupanga lake, pamatsala kamzere kolowa, ngati pamene munthu watema mtengo kamodzi n'kuusiya. Eni ake amati kirikomi. Amisiri onola ndi kusalaza malupanga kumeneko kawirikawiri sachotsa chipsera chotere, chifukwa ndi umboni woti chitsulocho chinafikadi pa nkhondo.

Kwa zaka makumi anayi, a Fergus ankakwera sitima kupita kulikonse kumene amva kuti kuli lupanga lokhala ndi chipsera. Akafika ankaliyeza n'kulemba m'buku. Mabukuwo anali asanu ndi awiri, onse a chikuto chakuda. Chipsera chilichonse chinali ndi nambala yake, ndipo pansi pake ankalemba kutalika kwake kuchokera pa chigwiriro, kuya kwake, mbali imene chapendekera, mtundu wa dzimbiri la m'kati mwake, komanso ngati milomo yake yatukuka kapena yasalala. Mafunso awiri omalizawa ndiwo ofunika koposa. Dzimbiri lakale limakhala lakuda ndi louma, latsopano limakhala lofiira. Chipsera chakale chimakhala ndi milomo yosalala chifukwa lupangalo linadutsa m'manja mwa osalaza kangapo, pamene chatsopano chimakhala ndi milomo yotukuka.

Anandiphunzitsa malamulo anayi. Osakhudza chitsulo ndi chala. Osalankhula pakamwa pali pafupi ndi chitsulo, chifukwa malovu amayambitsa dzimbiri. Osapukuta chilichonse usanalembe. Osapatsa lupanga munthu amene sanaphunzitsidwe kaligwiridwe kake.

Loweruka lililonse, teni koloko m'mawa, ndinkatsika kwawo. Iwo ankakhala pampando n'kumafunsa, ine ndinkayang'ana pa galasi lokulitsa zinthu, kuyeza, kuyankha ndi kulemba. Tinachita zimenezi zaka zitatu. Zipsera makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu za m'buku lomaliza zinalembedwa ndi dzanja langa. Atandiperekeza koyamba ku kagulu ka osonkhanitsa malupanga, anandionetsa kwa anzawo ndi mawu awa: “Mnzangayu ndi wa nyuzipepala. Sangakuuzeni kuti kukugwa mvula asanatulutse dzanja pawindo.” Anthu anaseka, ine ndinanyada. Chaka chimenecho kaguluko kanagwirizana zoti mabuku a a Fergus asindikizidwe akhale buku limodzi. Mkuluyo sankabisa kuti ndicho chinthu chimene ankafuna kuona asanamwalire.

M'chaka chachitatu ndinagula lupanga langa loyamba. Linali lalifupi, la mtundu umene amati wakizashi. Banja lina linkagulitsa katundu wa agogo awo amene anamenya nkhondo ku Burma, ndipo lupangalo linali pakati pa mipando ndi mawotchi. Linali lotuwa, chimake chong'aluka, koma maonekedwe ake ankasonyeza kuti ndi lakale ndithu. Sabata imeneyo a Fergus anali m'chipatala, atachitidwa opaleshoni ya chiuno. Ndinawaimbira foni. Anandiuza kuti ndilikhomere, ndisalipukute, ndisalionetse munthu, tidzalione limodzi akatuluka. Ndinalisolola kamodzi kokha, ndinaliyang'ana msana wonse. Panalibe chipsera chilichonse.

Mwezi womwewo apongozi anga aamuna anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzakhala nawo pa ubatizo wa mwana wathu womaliza. Ndi kalipentala wopuma, munthu wa manja akuluakulu, wansangala, wosazolowera kukhala pansi. Loweruka lotsogozana ndi ubatizowo anakana kupita kukaona tauni. Anavala epuloni ya mwana wawo n'kuyamba kudula nyama ya mbuzi kukhitchini ndi chimpeni chodulira mafupa, uku akudandaula kuti mipeni ya kuno ndi yokongola chabe. Akazi anga, pofuna kuwaseketsa, anati: “Bambo, nanga mukanaona lupanga limene agula akamwini anu? Amalisamala kuposa ine.”

Apongozi anaika chimpeni pansi. Anati bambo awo anamenyana ndi anthu a ku Japan ku Burma komweko, ndipo ankawauza ali ana kuti malupanga awo amadula mfuti pakati. Moyo wawo wonse ankafuna kuona limodzi.

“Tabweretsani tione, akamwini,” anatero.

Inu owerenga, amene munakwatira mukudziwa. Awa ndi anthu amene sindinadyepo nawo mbale imodzi, amene ndimawapatsa moni nditanjuta, amene anandipatsa mwana wawo n'kundilola kupita naye kutsidya kwa nyanja. Ndiwauze kuti ayi, simunaphunzitsidwe? Kalipentala wa zaka makumi asanu pa ntchito, ndimuuze kuti sadziwa kugwira chitsulo? Ndinapita kuchipinda, ndinatsekula kabati, ndinabweretsa lupangalo n'kuwapatsira ndi manja awiri.

Anapukuta manja pa epuloni. Analisolola, anayendetsa chala chachikulu pa mbali yakuthwa, analigogoda ndi chikhadabo n'kuliyandikitsa kukhutu. Malamulo awiri anasweka mu mphindi imodzi, ine ndikumwetulira. Kenako anati chitsulo chimadziwika ndi chinzake, mmene amachitira pogula chikwanje pamsika. Anagoneka lupangalo pa thabwa, msana uli m'mwamba, anatenga chimpeni chija. Ndinaona dzanja likukwera. Nthawi yolankhula inalipo, ndikutsimikiza, chifukwa anaima kaye n'kusankha pomenya.

Anamenya kamodzi. Anayang'ana zitsulo zonse ziwiri n'kuseka kwambiri. Chimpeni chinali chitapindika mano.

“Eee, anthu awa ankaidziwa ntchito. Koma zodula mfuti ayi, bambo anationjezera pamenepo.”

Ndinaseka nawo. Nditabwerera kuchipinda ndinayeza. Chipseracho chinali masentimita khumi ndi limodzi kuchokera pa chigwiriro, kuya kwake kosakwana milimita, chopendekera kumanzere, chowala ngati ndalama yatsopano.

Kufika apa, cholakwa changa chinali mantha basi, ndipo chikanakonzeka ndi mawu ochepa. Ndikanapita kuchipatala n'kunena kuti ndaswa malamulo anu, apongozi anga atema lupanga. Mkuluyo akanakalipa, mwina akanaseka. Koma sindinafune kuoneka wopusa pamaso pawo, ndiponso sindinafune kuti mzungu aziona apongozi anga ngati munthu wosadziwa zinthu. Ndinkadziuza kuti ndikuteteza ulemu wa banja. Zoona zake n'zakuti ndinkateteza dzina langa la munthu wosalakwitsa.

Apongozi atabwerera kumudzi, ndinayamba kuchibisa. Ndinkatenga kamtengo kotokosera mano, kukaviika mu viniga wothira mchere, n'kudonthezera m'chipseramo. Ndinachita zimenezi m'mawa uliwonse kwa masabata atatu, ndisanapite kuntchito, mosamala ngati munthu wothira mankhwala m'diso. Kuwala kunatha. M'katimo munada, ngakhale ukayang'anitsitsa pa galasi m'mbali mwake munali mofiira. Cholinga changa chinali choti a Fergus achione ngati kabanga wamba, tidutse.

Anatuluka m'chipatala akuyendera ndodo ziwiri. Loweruka lotsatira ndinatsika ndi lupangalo. Analigwira ndi nsalu, analipendeketsa pa kuwala kwa pawindo, akuyang'ana cham'mbali mmene ankachitira. Anati kapangidwe kake ndi ka nthawi ya nkhondo zapachiweniweni za ku Japan, zaka mazana angapo zapitazo. Kenako nsaluyo inakodwa pa msana. Anaima.

Anandifunsa kuti pamenepo pali chiyani. Ndinati kabanga. Anati ndiyeze. Ndinayeza, ndinawauza manambala, ndipo manambalawo anali oona. Anati m'mabuku onse asanu ndi awiri munalibe lupanga lalifupi lokhala ndi chipsera pafupi chonchi ndi chigwiriro. Kwa zaka zambiri ankatsutsana ndi anzawo, iwo akunena kuti malupanga aafupi ankagwiranso ntchito yotchinga pa nkhondo, anzawo akukana. Ankasowa umboni umodzi wokha.

“Tayang'ana bwino, mnzanga. Dzimbiri la m'katimo, lakuda kapena lofiira?”

“Lakuda,” ndinatero.

“Milomo yake?”

Ndinayang'ana pa galasi. Milomoyo inali chilili mbali zonse ziwiri, yakuthwa.

“Yosalala.”

Mawu awiri okha. Iwo sakanakhudza ndi chala, chifukwa lamulo ndi lawo lomwe, ndipo sanaone chifukwa chokayikira. Ndinalemba zonse ndi dzanja langa pansi pa nambala yatsopano. Anatulutsa botolo la kachasu wa kuno limene ankasungira tsiku lalikulu, n'kuthira pang'ono m'matambula awiri nthawi isanakwane ndi thwelofu yomwe. Ndinamwa.

Pakati pa tsikulo ndi msonkhano wa kagulu panadutsa masabata asanu. Masabata onsewo ndinkatsika kwawo, ndinkawathandiza kukonza zokanena, ndinkawongola ziganizo zawo monga mkonzi. Kawiri ndinatsekula pakamwa kuti ndiulule. Ulendo woyamba foni yawo inalira. Ulendo wachiwiri palibe chimene chinalira, ndinangofunsa ngati akufuna tiyi. Tsiku lililonse likadutsa, kuulula kunkakwera mtengo, ndipo ine ndinkayembekeza kuti anthu adzangoomba m'manja nkhaniyo n'kuiwalika.

Msonkhano unachitika Loweruka masana, m'chipinda chobwereka ku Gorbals. Tinalipo anthu khumi ndi anayi. A Fergus anavala tayi. Analankhula mphindi makumi awiri ataimirira pa ndodo zawo, anakana mpando. Pomaliza anandithokoza ponditchula dzina, nati popanda maso anga bukulo likanathera panjira.

M'gulumo munali mayi wina amene anali atangolowa kumene, injiniya woona za zitsulo. Anali ndi kamakina koonera tinthu ting'onoting'ono kolumikiza ku kompyuta. Anapempha mwaulemu kuti aonetse chipseracho pakhoma kuti aliyense asangalale nacho. Sankafuna kugwira munthu, ankafuna kuthandiza. A Fergus anavomera mokondwa. Ine ndinali mwini lupanga, ndikanatha kukana, koma ndikanati chifukwa chake n'chiyani?

Chipseracho chinaoneka pakhoma, chachikulu ngati chitseko. Milomo yake inaima ngati mizere ya m'munda. Dzimbiri linali lofiira m'mbali, lonyowa maonekedwe. Pansi penipeni panali kachidutswa kowala kamene viniga wanga sanakakhudze. Mayiyo analankhula motsitsa mawu. Anati kachidutswako kakuoneka ngati chitsulo chosachita dzimbiri, cha mipeni ya masiku ano. Anati chipseracho chadula pamwamba pa mikwingwirima yonse yakale, ndiye kuti ndicho chomaliza kufika pa lupangalo, ndipo dzimbirilo ndi la miyezi, osati zaka. Anaonjeza kuti likuoneka ngati lochita kuikidwa.

Wapampando anatsekula pepala la a Fergus n'kuwerenga mokweza: lakuda, yosalala. Anafunsa kuti zimenezi zinalembedwa bwanji. Anthu awiri kapena atatu anatembenukira kwa ine. Ndinayang'ana kapu ya tiyi imene inali m'manja mwanga.

A Fergus ndiwo anayankha. “Buku ndi langa, cholakwa ndi changa. Maso anga anatha, ndipo ndinafunitsitsa kuti chikhale chimene ndinkafuna.” Atatero anapempha mpando.

Bambo wina kumbuyo, mmodzi wa amene ankatsutsana nawo kwa zaka zambiri, ananong'oneza mnzake mokweza ndithu kuti ndiye tiziti zingati mwa zinazo n'za kukhitchini. Sankadziwa kuti walasa ndendende. Wina anaseka n'kudzigwira. Ine ndinakhalabe pampando. Inu owerenga, ndakhalapo m'makhoti ndikuona mboni zikumeza mawu, ndipo ndinkazilemba mopanda chisoni. Tsiku limenelo munthu wa zaka makumi asanu ndi atatu, wosaona bwino, anasenza mlandu wanga pamaso pa anzake, ine ndili pa mtunda wa mamita awiri, ndikuziziritsa tiyi.

Pobwerera tinakwera takisi imodzi. Anakamba za misewu imene ikukonzedwa. Za lupanga sanatchule.

Patatha sabata kalata ya kagulu inafika kwa a Fergus. Ndinaidziwa chifukwa mwana wawo wamkazi, amene amakhala ku Easterhouse, ndiye anabwera kudzawawerengera, osati ine. Kaguluko kanaimitsa kusindikiza mpaka zonse zolembedwa maso awo atayamba kufooka zitaonedwanso. Vuto linali lakuti ambiri mwa malupangawo sanali awo. Ena anagulitsidwa, ena anapita kumayiko ena, eni ake ena anamwalira.

Ndinakhala chete masiku khumi ndi limodzi. Loweruka loyamba sindinatsike, ndinatumiza uthenga woti ndili ndi chimfine. Akazi anga anaona kuti sindikudya, ndipo atandipanikiza ndinawauza zonse. Sanakalipe. Anangofunsa kuti viniga amene ankamusowa mwezi wonse uja anapita kumeneko? Kenako anatenga foni.

“Bambo a Tada, poti mukuti munkateteza bambo anga, tiyeni tiwafunse ngati anakutumani.”

Ndinawapempha kuti asatero. Anaimba, anaika mokweza, analongosola zonse ine ndili pomwepo. Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto. Kumbali kwawoko kunkamveka nkhuku ndi wailesi. Atayankha, mawu awo analibe nthabwala ngakhale pang'ono.

“Akamwini, ine ndagwira ntchito ndi zipangizo za eni ake moyo wanga wonse. Munthu akati ichi musagwire, sindigwira. Mukanangoti bambo, ichi n'choona ndi maso. Mumandiyesa mwana woti ndikalira? Ndiye mwapita kukanamiza nkhalamba inzanga m'dzina langa?”

Anati ngati ndikuopa kutsika, ndiwapatse foni azunguwo apepese okha, Chingerezi cha ku ukalipentala chiwakwanira. Manyazi amene ndinamva pamenepo anaposa a ku Gorbals. Munthu amene ndinkati ndikumulemekeza ndinali nditamuderera, pomuganizira kuti sangapirire mawu oti ayi.

Ndinatsika tsiku lomwelo masana. A Fergus anatsekula, anandilozera mpando wanga wa nthawi zonse. Ndinakana kukhala. Ndinanena zonse mwadongosolo, monga lipoti: tsiku, malo, chimpeni, viniga, masabata atatu, mawu awiri aja. Sanandidule. Nditamaliza anati anadziwa kale pamene mayi uja anatchula milomo, chifukwa munthu sangaone milomo yotukuka n'kuiyesa yosalala. Ndinafunsa chifukwa chimene sananenere pamsonkhano. Anati ankandipatsa mpata woti ndinene ndekha, ndipo ataona kuti sindikuima, sanafune kuti m'chipinda chodzaza azungu mlendo yekhayo wakuda atuluke ndi dzina la wabodza.

Kenako anafunsa funso limodzi.

“Pa makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu zija, zingati zina?”

Ndinati palibe, ndipo zinali zoona. Zina zonse ndinaziyeza mosamala kuposa ntchito iliyonse imene ndinagwirapo.

“Ndikukukhulupirira,” anatero. “Vuto ndi lakuti tsiku lija ndinakukhulupiriranso.”

Za apongozi anga anamwetulira pang'ono. Anati mkuluyo anachita zimene mmisiri aliyense angachite, ndipo dzanja lake ndi labwino, chifukwa kumenya kamodzi n'kusiya chipsera choyera chotero si zamasewera. Anati ndikawapatse moni.

Ndinalembera kaguluko kalata ya masamba awiri, ndinasainira dzina langa lonse, ndipo inawerengedwa pa msonkhano wotsatira ine ndili chiimire. Bambo wakumbuyo uja anapita kukapepesa a Fergus kunyumba. Dzina lawo linayera, koma zimenezo sizinabweze ntchito. Wapampando ananena kuti akhoza kusindikiza zolemba zangazo ndi chenjezo pansi pake. A Fergus anakana. Anati buku la umboni silikhala ndi tsamba loti mwina. Mwana wawo anafunafuna eni malupanga kwa miyezi inayi, ndipo mayi injiniya uja anadzipereka kukaonanso amene anapezeka. Anapezeka asanu ndi limodzi. Onse anagwirizana ndi zimene ndinalemba, mpaka pa milimita. Zipsera zinazo, makumi asanu ndi ziwiri, kuphatikiza changa chabodza chija, zinachotsedwa. M'gulu lochotsedwalo munali ulendo wa ku Aberdeen umene mkuluyo anayenda chiuno chikuwawa, munali lupanga la mayi wina wamasiye amene anatilola kuliona kamodzi kokha asanalitumize kwa mdzukulu wake kunja. Zonsezo zinali zoona, ndipo zinatayika chifukwa zinadutsa m'dzanja langa.

Bukulo linatuluka chaka chathachi, lochepa thupi. A Fergus sanalole kuti manambala akonzedwe, choncho chakumapeto amadumphadumpha, ndipo wowerenga aliyense amaona kuti pali zosowa. Ananditumizira limodzi kudzera kwa mwana wawo. Sananditchulemo, pabwino kapena poipa. Timapatsana moni, Khirisimasi anatumiza maswiti a ana, koma Loweruka amawerengeredwa ndi munthu wina.

Lupangalo ndikadali nalo. Ndinalitengera kwa katswiri, amene anati chipsera cha apongozi pachokha sichinali choopsa, chikanangokhala kamzere. Chimene chawononga ndi viniga, amene analowa pansi n'kukumba kadzenje kamene sikangachoke popanda kudya chitsulo chambiri. Pa chimake ndinamangirira kapepala kofotokoza amene anatema, amene anathira dzimbiri, ndi chaka chake, kuti amene adzalitenge ine nditapita asadzanamizidwe.

Inu owerenga, makamaka amene mumasunga zinthu zakale, kaya ndi malupanga, zithunzi kapena makalata a makolo, chinthu chikaonongeka m'manja mwanu lembani tsiku lomwelo kuti chaonongeka bwanji. Musachikonze mobisa, musachidetse kuti chifanane ndi zakale. Amene adzabwere pambuyo panu alibe njira ina yodziwira koma mawu anu. Ndipo ngati munthu wakubwerekani kuti mukhale maso ake, kaya ndi agogo amene mumawawerengera kalata ya kuchipatala, kaya ndi mnansi amene mumamumasulira Chingerezi ku ofesi, muuzeni chimene chili papepalapo, ngakhale chikuchititseni manyazi inuyo.

Kwa akamwini anzanga ndikuti, akuluakulu athu si magalasi oti angasweke ndi mawu oti ayi. Auzeni mwaulemu, mutanjuta ngati n'kofunika, koma auzeni dzanja lisanatsike. Ine ndinaopa mphindi imodzi yovuta kukhitchini kwanga, ndipo amene analipira ndi nkhalamba imene sinalipo n'komwe tsikulo. Ili ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndi chimodzi tsopano. Ulendo wa ku Aberdeen siidzaubwerezanso.